Mutu 6: Msewu wa pakati pa phiri ndi nyanja

Mphunzitsi, m'mutu wapitawu tinaona mmene misewu imalumikizira midzi, misika ndi madoko, ndipo tinkalankhula ngati kuti womanga msewu amangosankha yekha pamene akufuna kudutsa. Pachidikha zimatheka ndithu. Koma alipo malo ena pamene phiri laima chilili m'mphepete mwa nyanja, thanthwe lake n'kulowa m'madzi momwemo, osasiya ngakhale kamchenga koti munthu apondepo. Nanga pamenepo msewu udzera pati? Tiyankha funsoli potsata mbiri ya msewu umodzi, wotchedwa Chapman's Peak Drive, kummwera kwa mzinda wa Cape Town ku South Africa. Ndasankha umodzi dala, chifukwa ophunzira amagwira bwino nkhani imodzi yofotokozedwa mpaka pansi kusiyana ndi mndandanda wa misewu khumi yongotchulidwa mayina.

Mukamaliza kuwerenga mutu uno muyenera kutha kufotokozera ophunzira anu chifukwa chimene msewuwu unadzera pamene unadzerapo, chimene chimagwetsa miyala m'malo otere, komanso amene ayenera kuyankha mlandu mwala ukagwera munthu wapaulendo. Khalani pafupi ndi mapu a kummwera kwa Africa, kope ndi pensulo.

Malo ake

Pezani Cape Town pa mapu anu. Muona kuti kuchokera mumzindawo mtunda ukuloza kummwera ngati chala mpaka ku Cape Point. Chala chimenechi ndicho Cape Peninsula, ndipo pafupifupi chonse ndi mapiri. Mbali ya kumadzulo kuli nyanja ya Atlantic. Kumeneko kuli Hout Bay, doko la asodzi, ndipo chakummwera kwake kuli Noordhoek, komwe kuli gombe lalitali la mchenga woyera. Malo awiriwa ndi oyandikana, koma pakati pawo pali phiri la Chapman's Peak, lotalika mamita pafupifupi 590, limene mbali yake ya kunyanja ndi phompho lokhalokha. Dzinali linachokera kwa John Chapman, mmodzi wa amalinyero a sitima ya ku England yotchedwa Consent, amene anatsikira kumtunda ku Hout Bay m'chaka cha 1607.

Msewu umene unasemedwa m'phompholi ndi wa makilomita 9 okha, koma uli ndi makona 114. Gawani nokha: pa mamita 80 alionse, pafupifupi, woyendetsa ayenera kukhota.

Luso lomanga misewu m'mapiri silinali lachilendo ku Cape. M'zaka za m'ma 1800 injiniya Thomas Bain anamanga misewu yambiri yodutsa m'mapiri ndi m'makhwawa, kuphatikizapo Swartberg Pass. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 anamaliza Victoria Road, msewu wa m'mphepete mwa nyanja wochokera cha ku Camps Bay kukafika ku Hout Bay. Bain ankadziwika ndi zipupa zochirikiza msewu zimene ankazimanga posanja miyala popanda simenti, zoti madzi amadutsa m'mipata yake osakankha chipupa, ndipo zambiri zilipobe. Thanthwe likakanika, antchito ankasonkha moto pamwamba pake n'kulithira madzi ozizira kuti ling'ambike. Antchitowo anali akaidi. Choncho msewu unafika ku Hout Bay, n'kuima pomwepo. Wofuna kupita ku Noordhoek ankazungulira kuseri kwa mapiri.

Amene anakakamira kuti msewu upitirire anali Sir Frederic de Waal, mkulu woyamba kuyang'anira chigawo cha Cape pambuyo poti dziko la South Africa lagwirizanitsidwa mu 1910. Iyi inali nthawi imene galimoto zinali zitayamba kuchuluka pakati pa anthu olemera. Panali njira ziwiri zimene anaziganizira. Ina inali yodzera pampata wa pakati pa mapiri, ina yodzera m'phompho moyang'anana ndi nyanja. Anasankha ya m'phompho. Tinene zoona, chimene chinakopa kwambiri kunali kukongola kwa malowo, osati zosowa za mlimi wofuna kukagulitsa mbewu zake. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifunanso pofika pa nkhani ya malipiro.

Yankho linali m'miyala momwemo

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona phunziro lenileni la mutu uno. Munthu akaliyang'ana phirili ali panyanja amaona kuti si mwala wa mtundu umodzi. Pansi, pamene mafunde amawomba, pali granite, mwala wolimba wotuwa umene unapangika pansi pa nthaka zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. M'kupita kwa nthawi granite ameneyu anaperesedwa ndi madzi mpaka pamwamba pake panakhala pathyathyathya. Kenako pamwambapo panayamba kuunjikana mchenga ndi matope, zimene zinauma n'kusanduka miyala yosanjikizana ngati mabuku pa tebulo. Magawo oyambirira a miyala yosanjikizanayi, amene akatswiri amawatcha Graafwater Formation, ndi opyapyala, ofiirira, ndipo ndi ofewa poyerekeza ndi anzawo. Pamwamba pa amenewa m'pamene pali mwala wamchenga wolimba kwambiri, womwe umapanga zipupa zazitali za phirilo, mtundu womwewo umene uli pa Table Mountain.

Ndiye taonani zimene omanga anachita. Anatsata mzere umene granite akukumana ndi miyala yofewa ija. Granite anakhala maziko a msewu, olimba osafuna kuwonjezera kanthu. Miyala yofewa ya pamwamba pake ndiyo anaisema kuti papezeke malo odutsa. Zikanakhala kuti anatsikira m'munsi, akanalimbana ndi granite amene piki samulowa. Akanakwera m'mwamba, akanakumana ndi chipupa cholimba chopanda poponda. Mwa njira ina tinganene kuti phiri lomwelo ndilo linawalozera podzera, iwo n'kukhala ndi maso oona.

Koma nzeru yomweyi ndiyo inabala vuto limene msewuwu wakhala nalo mpaka lero. Taganizani chulu chimene ana akumba m'munsi mwake potapa dothi. Pamwamba pamaoneka polimba, koma palibe chochirikiza. Mwala wofewa umanyenyeka msanga ndi mvula, mphepo ndi mchere wa m'nyanja. Ukanyenyeka, miyala yolimba ya pamwamba imatsala ili lende. Iyonso ili ndi ming'alu yake yachibadwa, ndipo madzi akalowa m'ming'alumo amatsuka dothi limene linkagwira mwala. Tsiku lina chibuma chimamasuka. Pansi pake pali msewu.

Ntchito 1

Chitani izi nokha musanakachite ndi ophunzira. Yalani njerwa ziwiri pansi. Pamwamba pake ikani mchenga wonyowa wosakaniza ndi dothi, wokhuthala ngati chikhatho, ndipo pamwamba pa mchengawo sanjani miyala yaphanthiphanthi. Ndi kamtengo, semani kanjira m'mbali mwa mchengawo motsata pamwamba pa njerwa. Tsopano thirani madzi pang'onopang'ono ndi chitini chobowola pansi. Lembani m'kope mwanu chimene chayamba kusuntha, chimene chatsatira, ndi kumene zagwera. Kodi njerwa zasuntha?

Zaka 7 za piki ndi fosholo

Ntchito inayamba mu 1915 kuchokera ku Hout Bay, ndipo mu 1916 gulu lina linayamba kuchokera ku Noordhoek. Kumbukirani kuti iyi inali nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Makina akuluakulu amene timawaona pa misewu masiku ano kunalibe. Kunali mapiki, mafosholo, mawilibala, zingwe ndi mabomba ophwanyira miyala, ndipo ogwira zida zimenezi anali akaidi, monga zinalili m'nthawi ya Bain. Mbali yoyamba, yofika pamalo oonerapo nyanja, inatsegulidwa mu 1919. Mbali yovutitsitsa inatenga zaka zina zitatu. Pa 6 Meyi 1922 msewu wonse unatsegulidwa ndi Prince Arthur of Connaught, amene anali kuimira mfumu ya ku Britain m'dzikomo.

Mukamaphunzitsa gawo limeneli musathamange. Mayina amene mbiri yawasunga pafupi ndi a de Waal ndi a kalonga wodula riboni. Amene ankalendewera pa chingwe, nyanja ikuwinduka pansi pawo, timangowatchula ndi liwu limodzi loti akaidi. Ku South Africa wa nthawi imeneyo munthu wakuda ankatha kulowa m'ndende chifukwa chophwanya malamulo a ntchito kapena oyendera, osati kuba kapena kupha ayi, ndipo boma linkapeza antchito osalipidwa. Msewu wina wa mtundu womwewu, Clarence Drive, wochokera ku Gordon's Bay kupita ku Rooi-Els, unamangidwa m'zaka za m'ma 1940 ndi asilikali a ku Italy ogwidwa pa nkhondo yachiwiri. M'makalasi a akuluakulu ndaona kuti funso loti "anamanga ndani?" limatsegula pakamwa anthu amene amakhala chete tikamakamba za zaka ndi makilomita. Ambiri ali ndi agogo amene anagwirapo ntchito yokakamizidwa.

Zaka zotsatira tingazidutse mwachangu. Mu 1962 mbali ina inakulitsidwa. Mu 1977 madzi anakokolola chigawo china cha msewu, ndipo pamalopo anamangapo mlatho. Miyala inkagwa chaka ndi chaka, antchito n'kumaichotsa, zikwangwani zochenjeza n'kumaikidwa. Anthu anazolowera.

Chikwangwani sichikwanira

Nyengo ya ku Cape ndi yosemphana ndi imene ambiri a ife tinaizolowera. Kumeneko mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo chilimwe chimakhala chouma, champhepo, cha moto wa m'tchire. Miyala yambiri imagwa mvula ikagwa kwa masiku angapo motsatizana, nthaka itakhuta madzi. Izi oyang'anira msewu ankazidziwa.

M'nyengo ya mvula ya 1994 phiri linagumukira galimoto ya munthu wina, ndipo munthuyo analumala. Iye anakasumira khonsolo yoyang'anira msewuwo, Cape Metropolitan Council, kuti imupatse chipukuta misozi. Bwalo lalikulu la milandu linagamula mu 1999 kuti khonsoloyo inalakwa posasamala. Khonsolo inachita apilo, koma mu Novembala 2000 bwalo la apilo linagwirizana ndi chigamulo choyamba. Mfundo yake inali yakuti mvula inali itagwa yambiri, ngozi inali yodziwikiratu, ndipo khonsolo inayenera kutseka msewu. Zikwangwani zochenjeza za miyala yakugwa zinalipo ndithu, koma tadzifunsani: woyendetsa galimoto akawerenga kuti miyala imagwa, achite chiyani? Ayendetse akuyang'ana kumwamba? Chikwangwani chimathandiza pa ngozi imene munthu angathe kuipewa yekha, monga kona yakuthwa. Pa chibuma chochokera kumwamba sichithandiza kanthu.

Ine ndimaona kuti chigamulo chimenechi chinasintha msewuwu kuposa makina alionse. Kale mwala ukagwa anthu ankati ndi tsoka, ndi zachilengedwe, palibe womuloza chala. Tsopano panapezeka woyankha. Mlandu wa apilo usanathe, kumapeto kwa Disembala 1999, mwala wina unagwera galimoto n'kupha mayi wina. Mu Januwale 2000 moto waukulu unatentha mapiri a kummwera kwa Cape Peninsula, n'kupsereza zomera zimene mizu yake inkagwira dothi ndi miyala. Mwezi womwewo msewu unatsekedwa, ndipo unakhala wotseka pafupifupi zaka zinayi. Anthu a ku Noordhoek ndi ku Hout Bay anabwerera kozungulira, kudzera ku Ou Kaapse Weg ndi Constantia Nek, ndipo ochita malonda odalira alendo anaona zakuda.

Kumanganso: 2000 mpaka 2003

Poyamba anayesa njira imene aliyense angaiganize: kutumiza anthu pa zingwe kuti akatekese ndi kugwetseratu miyala yonse yogwedera. Sipanapite nthawi anaona kuti ntchitoyi ilibe mathero. Ukachotsa mwala umodzi, umamasula unzake umene unatsamira pamenepo. Phiri lonse sungalisese ngati bwalo.

Choncho mainjiniya anasintha funso. M'malo mofunsa kuti tiletse bwanji miyala kugwa, anafunsa kuti mwala ukagwa udzera pati, ufika ndi mphamvu yanji, ndipo tiukole bwanji usanafike pa munthu. Anajambula phiri lonse n'kuliika mu kompyuta, ndipo m'menemo ankagwetsa miyala yongoyerekeza kuchokera pamalo osiyanasiyana kuti aone njira zake ndi mmene ikudumphira. Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, werengerani ndi ophunzira a makalasi apamwamba: mwala wogwa mamita 50 popanda chouletsa umafika pansi ukuthamanga makilomita oposa 110 pa ola. Ngati ukulemera tani imodzi, ndiye kuti ndi galimoto yaing'ono yothamanga liwiro lonse, yochokera kumwamba.

Chida chimene anachidalira kwambiri ndi mipanda yokola miyala, ya luso lochokera ku Switzerland, kumene vuto lotereli amalidziwa bwino. Anaimika mipanda yotere yotalika pamodzi pafupifupi kilomita imodzi ndi theka. Si mpanda wouma ngati chipupa. Ndi ukonde wa mphete zachitsulo zolukana, wopachikidwa pa nsanamira zimene zimatha kuweramira kutsogolo, ndipo zingwe zake zachitsulo zili ndi mabuleki amene amatambasuka mwala ukagunda. Mwana wowakha mpira wothamanga amabweza manja m'mbuyo kuti asapweteke, eti? Ukondewu umachita chimodzimodzi: umagonja pang'ono, n'kumwa mphamvu ya mwalawo m'malo molimbana nawo. Kuipa kwake n'kwakuti ukakola mwala waukulu pafunika anthu akwere, akauchotse, akasinthe mabuleki ndi mbali zong'ambika. Mpanda wosasamalidwa ndi wonyenga, chifukwa anthu amadutsa pansi pake ali ndi chikhulupiriro.

Pamalo ena mipanda sikanatha, mwina chifukwa phompho laima mowongoka kwambiri, mwina chifukwa miyala yake imabwera ndi mphamvu yoposa. Pamalo oipitsitsa anasema msewu kulowa m'kati mwa thanthwe, mtunda wa mamita 155, kuti phiri lomwelo likhale denga. Mbali ya kunyanja anaisiya yotsegula, ndipo n'chifukwa chake amautcha theka la ngalande ya pansi pa phiri. Dengalo analilimbitsa ndi zitsulo zazitali zokhomerera m'thanthwe ndiponso konkire wopopera. Miyala ikagwa imadutsa pamwamba n'kukagwera kunyanja. Pamalo ena awiri anamanga madenga a konkire ophimba msewu, ngati khonde. Kwina anangokhomerera miyala yogwedera kuti ikhale pomwepo, n'kukonzanso zipupa zochirikiza ndi ngalande za madzi. Ngalande musazipeputse. Sizioneka pa zithunzi za alendo, koma madzi osowa kolowera ndiwo amayambitsa zambiri mwa zimene takambazi.

Msewu unatsegulidwanso mu Disembala 2003. Ndipo panawonjezeka chida china chimene si chachitsulo kapena konkire: lamulo lotseka. Mvula kapena mphepo ikafika poopsa, oyang'anira amatseka zipata osadikira kuti mwala uyambe wagwa. Ili ndilo phunziro la mlandu uja.

Alipire ndani?

Ntchito yonseyi inadya ndalama zambiri, ndipo boma la chigawo cha Western Cape linagwirizana ndi kampani yotchedwa Entilini kuti imange, isamalire ndi kuyendetsa msewuwu kwa zaka 30, iyo n'kumatolera malipiro kwa odutsa. Msewu umene unali waulere kuyambira 1922 unakhala ndi chipata cholipirapo.

Apa anthu anagawikana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Ena amati msewuwu amadutsamo kwambiri ndi alendo odzaona malo, ochokera kutali, ndiye n'chifukwa chiyani mayi wa kumudzi amene sadzauona n'komwe alipire kudzera mu msonkho, pamene kwawo kulibe ngakhale mlatho? Wodutsa alipire. Enanso amati pofika lero si alendo okha. Alipo anthu okhala mbali imodzi ya phiri amene amagwira ntchito mbali inayo, ndipo ena mwa iwo ndi a m'madera osauka monga Imizamo Yethu ku Hout Bay ndi Masiphumelele kufupi ndi Noordhoek. Kwa iwo malipirowa amalowa mu mtengo wa ulendo wa tsiku ndi tsiku. Mu 2012 anthu anachita zionetsero potsutsa kumangidwa kwa nyumba yaikulu yotolererapo malipiro pamalo amene anali mbali ya Table Mountain National Park. Nyumbayo inamangidwabe. Kwa ine mfundo yoyamba ndi yolemera pa msewu ngati uwu, umene unabadwa chifukwa cha kukongola ndipo uli ndi njira ina yozungulira, koma singagwire ntchito pa msewu umene ndi wokhawo wofikira ku chipatala kapena ku msika.

Musaganize kuti 2003 ndiye panathera nkhani. Mu Juni 2008 msewu unatsekedwanso atapeza kuti mbali zina za phiri n'zoopsa, ndipo unatsegulidwa mu Okutobala 2009. Umatsekedwabe kwa maola kapena masiku nyengo ikaipa. Clarence Drive nayenso anagumuka m'malo angapo ndi mvula yamkuntho ya mu Seputembala 2023. Komabe nyengo ikalola, okwera njinga a mpikisano wa Cape Town Cycle Tour ndi othamanga a Two Oceans Marathon amadutsa pa Chapman's Peak m'chigulu, pansi pa maukonde aja.

Ophunzira anu ambiri mwina sanaionepo nyanja yamchere, koma phiri logumukira msewu si lachilendo m'chigawo chathu. Amene anayendapo pa msewu wa M1 kumpoto kwa Malawi akudziwa chitunda cha Chiweta, pamene msewu umatsika phiri kulunjika kunyanja ndipo nthawi ya dzinja dothi ndi miyala zimagumukira pamsewu. Miyala yake ndi ina, nyengo yake ndi ina, koma mafunso ndi omwewo. Yambirani pamene ophunzira akudziwa, kenako muwatengere ku Cape.

Ntchito 2

Sankhani malo amodzi m'dera lanu pamene msewu kapena njira imadutsa m'munsi mwa chitunda, m'mbali mwa khwawa kapena pagombe logumuka. Pitani mukaone ndi maso, makamaka mvula itangogwa kumene. Jambulani malowo mmene akuonekera m'mbali, kusonyeza pamene pali polimba, pamene pali pofewa, ndi kumene madzi akudzera. Funsani anthu awiri achikulire kuti njirayo inatsegulidwa liti ndipo anagwira ntchitoyo ndani. Pomaliza fufuzani kuti ndani ali ndi mphamvu yotseka njirayo pakakhala ngozi, ndipo munthu wamba angamudziwitse bwanji. Lembani zimene mwapeza m'masamba awiri, ndipo muzitumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi chojambula chija.